Menyu ya MAME: magemu ali mbwee koma ukadina akukana, vuto lili pati?

Loweruka lapitali mwana wa achemwali anga wa ku Senga Bay uja anatulukira pa shopu yanga pano pa Kamuzu Road laputopu ili mu jumbo, thukuta lili kamukamu poti dzuwa la kuno ku Salima mwezi wa October simuchita kufunsa. Asanapereke ndi moni womwe akuti, "Ankolo, chinthu munandiikira chija ndi chabodza, magemu alimo ambirimbiri koma iliyonse ndikadina ikungobweretsa chibokosi chofiira, ndayesa mwina 50." Ndinamuuza akhale kaye pa benchi amwe madzi. Kutsegula foda ya magemu ija, munali timafayilo ta zip 7 tokha, tomwe ndinamuikira ine ndemwe mwezi watha. Mfanayo masiku onsewa amadina mayina a magemu omwe alibe.

Ndiye ndati bola ndilembe, chifukwa si iye yekha, ena amafika mpaka popanga format kompyuta kuganiza kuti yalowa vayirasi pomwe nkhani yake ndi yongodziwa kuwerenga menyu basi.

Kwa amene simukuidziwa, MAME ndi pulogalamu yomwe imapangitsa kompyuta kuti izichita ngati makina akale a magemu aja oponyamo ndalama yachitsulo. Anaiyamba ndi Nicola Salmoria wa ku Italy mu 1997, ndipo cholinga cha anthu omwe amaikonza mpaka lero ndi kusunga mbiri ya makinawa kuti asaiwalike, kusewera kumangobwera ngati bonasi. Mu 2015 anaiphatikiza ndi inzake yotchedwa MESS yomwe inkaona za makompyuta akale ndi magemu a pa TV, ndiye chifukwa chake mndandanda wake unatupa chonchi, mayina opitirira 30,000, muli ma calculator, makina a juga, makompyuta osewera chess, zinthu zoti simudzazidina moyo wanu wonse. Menyu yomwe ndikufotokoza pano ndi yomwe inabwera kuyambira pa version 0.171 ya MAME mu 2016. Ngati yanu ndi yakale kuposa pamenepo muona zosiyana.

Chinthu choyamba kuchimvetsa musanadine kalikonse ndi ichi: mndandanda umene mukuuona ndi wa magemu amene MAME imawadziwa, osati amene inu muli nawo. Zili ngati ma resitilanti ena aja a pa depoti, pa khoma alemba chambo, kampango, nkhuku ya lokolo, chips, koma kufunsa mayi ophika akuti kwatsala nyemba ndi usipa basi. Cholembedwa pa khoma ndi china, chili mu mphika ndi china. MAME ikamabwera siibwera ndi gemu, imabwera ndi mayina.

Tsopano tsegulani pulogalamuyo tiyang'ane limodzi.

Sikirini yagawidwa pangapo. Pakati ndi pamene pali mndandanda wa mayina. Kumanzere kuli mawu ngati Unfiltered, Available, Unavailable, Working, Favorites ndi ena otsika mmusi, amenewo ndi masefa, amasefa mndandanda wapakati uja monga momwe sefa imasiyanitsira ufa ndi misere. Kumanja kuli malo a zithunzi ndi mbiri ya gemu. Pansi pali kabokosi kamene kamasintha mtundu, ndipo kameneko ndi kamene anthu ambiri sakayang'ana pomwe ndi kamene kali ndi nkhani yonse. Pamwamba pali malo a Search ndi tizizindikiro tingapo, kena ndi kanyenyezi.

Kuyenda mmenemu mawusi imagwira bhobho, koma ine ndimakonda kiyibodi poti mawusi ya pa shopu mafana anaithyola kale. Mivi ya mmwamba ndi pansi imayendetsa dzina limodzi limodzi, Page Up ndi Page Down zimalumpha tsamba lonse, Home imakubwezani pamwamba penipeni, End pansi penipeni. Batani la Tab ndi lomwe limakusamutsani kuchoka chigawo china kupita china, mwachitsanzo kuchoka pa mndandanda kupita ku masefa. Mukaona kuti mivi yasiya kuyendetsa mayina a magemu koma ikuyendetsa zina mmbali, musadabwe, mwagunda Tab, pitirizani kuidina mpaka mubwerere pakati. Komanso pakati pa zigawozi pali timizere towonda tokhala ndi kamuvi, kudina pamenepo chigawo cha mmbali chimabisala. Tsiku lina ndinataya ola lathunthu ndikusaka masefa atasowa, kuli kamwana ka aneba kanadina kamzere kaja ine ndili kogula mandasi. Kudinanso pomwepo amabwerera.

Chenjezo limodzi apa, Esc pa menyu imeneyi siyifunsa kawiri. Ngati simunalembe kanthu mu Search imangotseka pulogalamu yonse.

Sitepe yotsatira ndi kuiuza MAME komwe kuli magemu anu. Mu foda yomwe muli pulogalamuyo muli kafoda kena kolembedwa roms, mmenemo ndi momwe imayamba kuyang'ana. Mafayilo a magemu amabwera ali a zip kapena 7z ndipo muwaponye momwemo mmene alili, musawamasule, komanso musawasinthe mayina. Izi ndikunena motsindika chifukwa mlamu wanga wina wa ku Chipoka ndi munthu waukhondo kwambiri pa kompyuta, anaona fayilo yolembedwa mslug.zip nkuona ngati dzina losalongosoka, anaisintha kukhala Metal Slug Yanga.zip, gemu nkusowa pa mndandanda. MAME imazindikira gemu ndi kadzina kafupi kaja, sf2 ndi Street Fighter II, kof98 ndi The King of Fighters '98, dino ndi Cadillacs and Dinosaurs, kusintha chilembo chimodzi basi yakuiwalani.

Ngati magemu anu ali kwina, kaya mu flash kaya pa D, simufunika kuwakopera. Pansi pa mndandanda pali mawu oti General Settings, pa ma version akaleko analemba Configure Options. Lowani mmenemo, pitani pa Configure Folders, sankhani ROMs, kenako Add Folder, yendani mpaka mufike pa foda yanuyo ndipo mudine Tab kuti iikidwe, pansi pa sikirini imakhala italemba kale zimenezi koma anthu amadina Enter nkumangolowa mkati mwa mafoda osatha. Mukabwerera musaiwale Save Settings, apo ayi mawa mudzayambiranso. Za flash dziwani kuti Windows nthawi zina imasintha chilembo, lero E mawa F malingana ndi zomwe mwasomeka, ndiye magemu akasowa onse tsiku limodzi yambani mwaona chilembocho musanayambe kutukwana.

Mwina wina afunsa kuti nanga mafayilowo ndiwatenga kuti. Magemu ambiriwa akadali ndi eni ake, Capcom, SNK, Namco ndi ena, ndiye zimenezo ine sindilowamo. Koma pa webusayiti ya MAME yeniyeni pali magemu angapo omwe eni ake analoleza kuti anthu azitenga ulere posewera kunyumba, monga Gridlee, Robby Roto ndi ena a kampani ya Exidy ngati Circus. Ndi timafayilo tating'ono zedi, bandulo siimva nkomwe, ndipo ndi abwino poyesera ngati mwatchera zinthu molondola.

Tsopano pitani kumanzere mudine Available. Apa ndi pamene mwana wa achemwali uja anatsegula pakamwa, mayina masauzande aja anangoti zii, kutsala ochepa okha. Amenewo ndiye a mu mphika.

Koma Available ili ndi khalidwe lake. MAME imalemba pa kafayilo kake magemu omwe inawapeza ulendo woyamba, ndiye mukawonjezera ena pambuyo pake nthawi zambiri saoneka msanga, munthu nkumati fayilo ndaika koma palibe. Mankhwala ake ndi kudina F1, kumene amati audit, ndiye kuti iwerengenso katundu. Pa malaputopu ambiri F1 payokha imatsitsa voliyumu kapena kuchita zina, ndiye gwirani Fn limodzi. Ikupatsani zosankha ziwiri, kuwerenga okhawo omwe panopa ali ku Unavailable kapena kuwerenga onse. Kuwerenga kumeneku sikongoyang'ana dzina la zip ayi, imalowa mkati nkuona ngati timafayilo tonse tofunika tilimo komanso ngati tili tolondola, ndiye pa kompyuta yofooka yokhala ndi magemu ambiri zimatenga nthawi, musayambe magetsi akuphethira batire ili pa 10. Ine ndimayambitsa nkupita kukadya, pobwera yamaliza. Nthawi zina mukamaliza audit mupeza kuti gemu yomwe inali ku Available yachoka, musakwiye, ndiye kuti poyamba inangoonedwa dzina, pano yagwidwa kuti mkati ndi yoperewera.

Tiyeni pa mayina tsopano, apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene pali chisokonezo chachikulu.

Lembani street fighter muone. Mayina abwera ambirimbiri ofanana, kusiyana kwake kuli kumapeto kwa dzina. Lina lalembedwa World 910522, lina USA, lina Japan, lina bootleg, lina set 1, set 2. Nambala ija si ya foni, ndi deti, kuyamba chaka kenako mwezi kenako tsiku, 910522 ndi pa 22 May 1991, tsiku la version imeneyo ya Street Fighter II ya Capcom. World, USA ndi Japan ndi madera omwe makinawo ankagulitsidwa, ndipo mukasankha ya Japan musadabwe kuona zilembo zoti simungawerenge, mwinanso mayina a anthu omenyanawo atasinthana, amene ife timamuti M. Bison ku Japan ndi Vega. Bootleg ndi yopangidwa mozembera ndi anthu ena osati kampani yeniyeni, ngati zigubu za mafuta za mmbali mwa msewu, ina imayenda bwino ina ndi misala yokhayokha. Pali ina ya Champion Edition amaitcha Rainbow, moto umatuluka mbwee munthu ali mmalere, mafana amaikonda koma ine ndimati si gemu imeneyo ndi chipwirikiti.

Pa mayina onse ofananawa, MAME imasankhapo limodzi kukhala kholo, pa menyu amati parent, ena onsewo ndi ana, amati clone. Ana amaoneka ndi zilembo zotuwirako pa mndandanda, ndipo kabokosi kapansi kaja kamanena poyera kuti iyi ndi parent kapena iyi ndi clone ya yakuti. Kufunika kodziwa zimenezi nkotani? Mafayilo ambiri omwe amayenda mma flash ndi amtundu womwe amati split, zip ya mwana imakhala ndi tokhato tomwe tikusiyana ndi kholo, zina zonse imakabwereka kwa kholo. Mwana wotere popanda mayi ake pafupi sadya. Ndiye mukhoza kukhala ndi zip ya mwana yabwinobwino koma gemu osatseguka poti ya kholo mulibe. Mtundu wina amati merged, kholo ndi ana onse ali mu zip imodzi, wina amati non-merged, aliyense ali ndi zake zokwanira koma umadya malo ambiri.

Chitsanzo chomwe chimapweteketsa anthu mutu ndi Pac-Man. Aliyense amaganiza kuti Pac-Man ndiye kholo poti ndi dzina lotchuka, koma ayi, Namco inatulutsa gemuyi ku Japan mu 1980 ndi dzina loti Puck Man, dzina la Pac-Man linabwera pomwe Midway inkaigulitsa ku America. Ndiye mu MAME kholo ndi puckman, pacman ndi mwana. Muli ndi pacman.zip yokha ya split, chibokosi chofiira chija chikupezani.

Tsopano kabokosi kapansi. Mukaima pa dzina lililonse kamaonetsa kadzina kafupi ka zip, chaka, kampani yomwe inapanga, nkhani ya kholo ndi mwana ija, kenako mmene gemuyo ikuyendera mu MAME, zithunzi zili bwanji, mawu ali bwanji. Mtundu wake ndi ngati maloboti a pa msewu ku Lilongwe. Kobiriwira ndiye kuti gemu imayenda bwino. Kachikasu ndiye kuti imaseweredwa koma pena pake sipali bwino, mwina mawu sakumveka mmene ankamvekera pa makina enieni kapena mitundu ina yaphonyeka, ambiri achikasuwa ine ndimasewera osaona nkomwe vuto lake. Kofiira ndiye Not Working, anthu okonza MAME sanamalize kuimvetsa makinawo, ndipo apa palibe fayilo yomwe mungasake kuti ikonze, olo mutagula kompyuta ya mamiliyoni.

Onetsetsani apa, Available ndi Working ndi nkhani ziwiri zosiyana. Available ikunena za inu, kuti mafayilo muli nawo. Working ikunena za MAME, kuti imatha kuyendetsa makinawo. Gemu ikhoza kukhala Available koma yofiira, kapena yobiriwira bwinobwino koma inu mulibe. Ndipo palinso chachitatu chomwe menyu siikuuzani, mphamvu ya kompyuta yanu. Kobiriwira sikutanthauza kuti ithamanga. Magemu a 3D ngati Tekken 3 ya 1997 pa kalaputopu kanga kakale kaja ankayenda ngati ngolo ya ng'ombe mumchenga wa ku Lifuwu, mawu akudukaduka, pomwe Snow Bros ya 1990 imathamanga pa chilichonse chomwe chimayaka.

Nanga chibokosi chofiira chija chobwera mukadina Enter? Musachitseke mwachangu, chiwerengeni. Chimanena kuti mafayilo ofunika akusowa kapena ndi olakwika, ndipo pa ma version atsopano chimatchula mayina a timafayilo tosowato komanso ma zip omwe yayesa kusakamo. Jambulani ndi foni ngati mukufuna kufunsa munthu, osangoti "ikukana", kukana kulipo kwamitundu.

Kukana koyamba ndi kwa kholo kuja. Kwachiwiri ndi BIOS. Makina ena monga Neo Geo ya SNK, yomwe inatuluka mu 1990, anali bolodi imodzi yosinthira makatiriji, ndiye magemu ake onse, Metal Slug, King of Fighters, Samurai Shodown, amafuna fayilo imodzi yotchedwa neogeo.zip ikhale mu roms momwemo. Imeneyi si gemu, kuidina payokha simusewera kanthu, koma kuichotsa poganiza kuti ndi zinyalala mwapha banja lonse. Mwa timafayilo 7 ta mwana wa achemwali tija kamodzi kanali kameneka, ndipo mwamwayi sanakafufute. Zofanana ndi zimenezi zilinso ku magemu ena a Capcom, Cadillacs and Dinosaurs ya 1993 ija yomwe muli womenya wotchedwa Mustapha, pa MAME ya masiku ano imafuna qsound_hle.zip ya mawu, ikasowa mudzaona pa chibokosi palembedwa dl-1425.bin.

Kwachitatu ndi CHD. Makina ena anali ndi hard disk kapena CD mkati, monga Killer Instinct ya 1994, ndiye kupatula zip pamafunikanso chifayilo chachikulu chothera ndi chd, ndipo chimenechi chimakhala mu kafoda kake mkati mwa roms, kafoda kokhala ndi dzina lofanana ndi la zip, kwa Killer Instinct ndi kinst. Kumanzere kuli sefa ya CHD Required, idineni muone omwe ali mgulu limeneli musanawononge bandulo.

Kwachinayi ndiye kopweteka, kusagwirizana kwa version. MAME yatsopano imatuluka pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo anthu akapeza kuti chip china cha pa makina enieni chinakoperedwa molakwika kalelo amachikoperanso bwino, ndiye zomwe MAME ikuyembekezera mu zip zimasintha. Fayilo yomwe inkayenda zaka khumi zapitazo ikhoza kukanidwa lero dzina lili lomwelo. Nambala ya version yanu imaoneka pamwamba pa menyu, ilembeni penapake, ndipo wina akamakupatsani mafayilo mufunseni kuti ndi a version iti. Akati sakudziwa, yesani ndi audit musanamugulire fanta. Ine maganizo anga ndi oti ngati zomwe muli nazo zikuyenda, musathamangire kusintha MAME mwezi ndi mwezi ngati fashoni, mungodziputira ntchito.

Kusaka ndikosavuta, simufunika kudina pa Search, ingoyambani kulemba muli pa mndandanda, zilembo zizioneka pamwamba ndipo mayina oyandikira zomwe mwalemba akwera okha. Dzina lalitali kapena kadzina kafupi zonse zimagwira, ndipo olo muphonye chilembo imayesetsa kukupatsani zofanana nazo, chifukwa chake mmusimo mumabwera mayina ena osagwirizana nkomwe, asiyeni. Kumbukirani kuti imasaka mkati mwa sefa yomwe mwasankha, muli pa Available siingakuonetseni gemu yomwe mulibe. Esc kamodzi imafufuta zomwe munalemba. Kamodzi ndanena.

Mukapeza gemu yomwe yayenda ndipo mwaikonda, gwirani Alt yakumanzere ndi F, kapena dinani kanyenyezi kapamwamba kaja, ilowa ku Favorites. Ine pa shopu kompyuta imakhala pa Favorites nthawi zonse, muli magemu osapitirira 20 omwe ndinawayesa ndekha, mfana akabwera ndi K200 yake sataya nthawi nkusaka, komanso sandiitana ndili mkati mometa munthu kuti "bwana ikukana". MAME imakumbukira sefa yomwe munasiyira, ndiye mawa ikatseguka imafikira pomwepo. Mndandanda wa Favorites umasungidwa mu kafayilo kotchedwa favorites.ini mu foda ya ui, kakopereni mu flash, tsiku lomwe kompyuta idzafe mudzandithokoza.

Kumanja kuja poyamba kumakhala kopanda kanthu, kumangolemba kuti palibe chithunzi, ndipo ena amaona ngati ndi chizindikiro choti gemu ndi yowonongeka. Ayi, zithunzi sizibwera ndi pulogalamu, ndi katundu wapadera ndipo wathunthu wake ndi wolemera. Njira ya ife osauka ndi iyi, muli mkati mosewera dinani F12, ijambula sikirini nkusunga mu foda ya snap, mukabwerera pa menyu chithunzicho chizioneka pa Snapshots mukaima pa gemuyo. Zimathandiza kwambiri tiana tomwe sitinayambe kuwerenga chizungu, timangoloza kuti ndikufuna ya akambuku iyo. Pafupi ndi Images pali Info, mmenemo muli zambiri za makinawo, ndipo mukaika mafayilo ena a mbiri mumatha kuwerenga nkhani ya gemu iliyonse, koma zimenezo ndi za anthu okonda kuwerenga, kusewera sizikhudza.

Masefa otsalawo ndingodutsamo. Year ndi Manufacturer ndi osachita kufotokoza, chaka ndi kampani. Mechanical ndi makina okhala ndi zitsulo zoyenda ngati pinball ndi a juga, pa kompyuta simupindula nawo. Vertical Screen ndi magemu omwe sikirini yake inali choimirira, Galaga ndi Donkey Kong za 1981, ndi ina ya Capcom yotchedwa 1942, ndiye mukaona mmbali muli mwakuda chithunzi chili chowonda pakati musayambe kukoka kuti chidzaze, zinapangidwa choncho. Category siigwira kanthu mpaka mutaika mafayilo ake apadera. Yomwe ndimaikonda ndi Custom Filter pansi penipeni, imalola kusanjikiza masefa angapo, ine ndimaika Available, kuwonjezera Working, kuwonjezera Not BIOS, ndiye chotsala chilichonse ndi choti kudina chiyaka. Ena amawonjezeranso Parents kuti ana achoke mndandanda ufupike, nzabwino, koma kumbukirani nkhani ya Pac-Man ija, asowa ndipo mupeza Puck Man mmalo mwake.

System Settings yomwe ili pansi pa General Settings ija, kale Configure Machine, imasintha za gemu imodzi yokha yomwe mwaimapo. General ndi ya onse. Mukafuna kuti padi yosewerera magemu iziyendetsa menyu kapena kusintha mabatani a magemu onse lowani ku General, ku Input Settings. Osasokoneza ziwirizi, ndinaonapo munthu atatembenuza sikirini ya magemu onse chifukwa cha Galaga imodzi.

A mafoni, ndikudziwa ambiri kuno kompyuta mulibe. MAME4droid yomwe yafala pa Android ija ndi yochokera pa 0.139u1, version ya 2010, menyu yake ndi yosavuta kuposa iyi ndipo masefa ambiri ndatchulawa mulibe, koma malamulo a kholo ndi mwana, neogeo.zip, kusamasula zip, onse ndi omwewo. Chachikulu ndi choti imafuna mafayilo a 0.139, ndiye kutenga a pa kompyuta ya MAME yatsopano kuponya mu foni ena ayenda ena akana. Pa RetroArch, pulogalamu ina yoyendetsera magemu akale yomwe mkati mwake mumaikidwa ma MAME osiyanasiyana, chimodzimodzi, MAME 2003 imayendera a 0.78, MAME 2010 a 0.139.

Mwasankha gemu yobiriwira, ili Available, dinani Enter. Pabwera kabokosi konena za makinawo, mwina ndi kena kochenjeza ngati ili yachikasu, dinani batani lililonse. Magemu ena amayamba ndi manambala ndi mizere yachilendo kwa masekondi angapo, ndi makina akudziyesa okha monga ankachitira akayatsidwa mmawa, dikirani. Kenako muona INSERT COIN ikuphethira. Ndalama yake ndi batani la 5, kuyamba ndi 1, mnzanu wachiwiri 6 ndi 2. Kuyenda ndi mivi, kumenya ndi Ctrl, Alt, Space ndi Shift za kumanzere. Tab muli mkati imatsegula menyu ina yosinthira mabatani a gemu imeneyo, Esc imakubwezani ku mndandanda.

Mwana wa achemwali uja titafika apa anadina 5 kokwana mwina 30 motsatizana, kamawu ka ndalama kakungolira, akuti akubwezera masiku onse omwe chibokosi chofiira chinamuzunza. Tinasewera Metal Slug awiri mpaka magetsi anathima cha mma 5 koloko, batire yake poti ndi yakufa laputopu inazimira limodzi tili pakati pa nkhondo. Anailongedza mu jumbo muja nkuthamangira galimoto za ku Senga Bay kusanade, ndipo usiku wake ananditumizira uthenga pa WhatsApp, chithunzi cha chibokosi chofiira china, pansi atalemba kuti "Ankolo, dl-1425.bin ndi ndaninso ameneyu?"